Mpweya Wobwereka

Dokotala sanazungulire. Anakweza chithunzi cha m'chifuwa pa kuwala kwa pawindo n'kuloza ndi cholembera pamene panali timadontho toyererako.

"Mapapo awa sanayambe kuvuta Lachiwiri, a Sajenti. Mwini wake wakhala akupuma mobanika zaka ziwiri, mwina zitatu. Munthu wotere masitepe khumi okha amamukhazika pansi."

Sajenti, mayi wapolisi amene anali atafufuza milandu zaka khumi ndi zisanu, anatsegula fayilo imene anabwera nayo. Pamwamba panali fomu ya wodwalayo ya miyezi itatu yapitayo, pamene ozimitsa moto onse a pa siteshoni ina anapita kukayezedwa m'thupi monga amachitira chaka chilichonse. Pa fomupo anali atapanirapo kapepala kochokera m'makina amene munthu amauziramo poyeza mapapo.

"Nanga aka?"

Dokotala anakayang'ana pang'ono n'kupukusa mutu. "Aka ndi ka munthu wothamanga mipikisano. Sindikudziwa kuti ndani, koma si bambo agona mu wodi yangawa."

Zimene zinachitika Lachiwiri Sajenti anali atazimva kale. Moto unabuka masana pamalo ena opangira mipando ya sofa, ndipo anthu ankakuwa kuti m'kati mwatsala wantchito mmodzi. Analowa ozimitsa moto awiri. Patsogolo panali bambo wa zaka 29 pa ntchito, amene anzake ankawatchula kuti a Kadziwotche chifukwa moto ukayaka sankadikira kutumidwa. Pambuyo pawo panali mtsikana wochepa thupi amene ankamutchula kuti Mphaka, poona mmene ankakwerera makwerero. Atafika pakati pa nyumbayo, bambo aja anangoti khu pansi. Mtsikanayo anayamba kuwakoka, koma lamba wa silinda yawo ya mpweya anakodwa m'zitsulo za mpando. Anavula magolovesi kuti amasule, uku siponji yoyaka ikudontha kuchokera m'mashelufu. Anatuluka nawo amoyo. Manja ake ndi amene sanatuluke bwino. Wantchito ankamunena uja anali atathawira kale khomo la kuseri.

Akuluakulu a kulikulu la ozimitsa moto ataona kuti chithunzi ndi kapepala zikutsutsana, anaitana apolisi.

"Ndingayankhule nawo?" anafunsa Sajenti.

"Bambowo ali pa mpweya, sanatsegule maso. Mtsikanayo tamugoneka, tikumutsuka zilonda. Yesani mawa."

Sajenti anayang'ananso kapepala kaja. M'munsi mwake munali tsiku ndi nthawi: Lolemba, 10:14. Koma pamwamba, pamene pamayenera kukhala dzina, panali pong'ambidwa mowongoka bwino, ngati munthu anayamba wapinda kaye asanang'ambe.

* * *

Pa siteshoni panali zii. Magalimoto awiri ofiira anali atayang'ana kumsewu, zitseko zili zotsegula. M'mbali mwa khoma munali jombo zitandandalikidwa, iliyonse ndi buluku lake lokwinyidwira pansi, kuti belu likalira munthu angopondamo n'kukokera m'chiuno. Pa misomali iwiri yakumapeto panalibe zisoti. Kuseri, mapaipi anali atayanikidwa pansanja, akudontha.

Munthu wina wowonda, wa ndevu za pamlomo, ankapukuta galasi la galimoto lomwe linali loyera kale. Atamuona Sajenti anaponya kansanza paphewa.

"Ndinu apolisi aja? Musavutike n'kufufuza, mayi, nsapato zanu zingathe pachabe. Ndine."

"Ndinu ndani?"

"Dalaivala. Amanditchula Mabuleki, ati chifukwa sindidziwa pamene ali. Ndine ndinauzira m'makina muja m'malo mwa mdala wathu, a Kadziwotche. Ndinalowa, ndinatchula dzina lawo, ndinauzira, basi. Unyolo mwabwera nawo? Ukhale wocheperako, manja angawa ndi timitengo."

Sajenti anakhala pa sitepe ya galimoto n'kutulutsa kabuku. "Munachitiranji?"

Nthabwala zinamuthera Mabuleki. Anayang'ana ku misomali yopanda zisoti ija.

"Chaka changa chachiwiri pa ntchito, denga la sitolo ya penti linandigwera. Onse anali atatuluka, mkulu wa nthawi imeneyo ataimba kale wezulo yoti wina asalowenso. Mdala anawerenga mitu, anapeza kuti wasowa mmodzi. Anabwerera. Ananditulutsa paphewa ngati thumba la makala, ine ndikuitana amayi anga omwe anamwalira kalekale. Ana anga onse atatu anabadwa pambuyo pa tsiku limenelo. Ndiye mukamandifunsa kuti ndinachitiranji, mayi, ndiyankhe chiyani?"

"Ndibweretsereni buku limene mumalembamo maulendo a galimoto."

Analibweretsa akukoka miyendo. Sajenti anatsegula masamba mpaka kufika pa Lolemba lija.

"Galimoto yoyamba inatuluka 8:40 m'mawa kupita kumene kunagubuduzika thanki ya mafuta. Inabwerako 1 koloko masana. Woyendetsa, inuyo. Mwasaina apa."

"Mabuku amalakwitsa."

"Inu munayezedwa Lachitatu, ndipo ndaona zotsatira zanu. Munadutsa chokwawa. Mumasuta ndudu zingati pa tsiku?"

Mabuleki anabisa kumbuyo dzanja la zala zachikasu.

"Mapapo anuwo sangabwereke munthu mpweya, bambo. Nawonso akupemphetsa."

"Musiyeni, a Sajenti," anatero mawu ena kumbuyo kwake. Pakhomo la ofesi panali patayima munthu wamtali, wa imvi m'mbali mwa makutu, yunifolomu yake yosita mpaka kuthwa. Anali mkulu wa shifiti. "Akunama pofuna kunditeteza ine. Lowani muno."

* * *

Ofesiyo inali yaing'ono, ya windo limodzi loyang'ana ku magalimoto. Pakhoma panali zithunzi za magulu a zaka zosiyanasiyana, ndipo pa chilichonse panali bambo wa mapewa aakulu atayima chakumapeto, tsitsi likunka liyera kuchoka pa chithunzi china kufika pa chinzake.

Mkuluyo ankayankhula ngati akuwerenga lipoti.

"Mafomu anafikira pa tebulo ili. Ndinaona kapepala ka a Kadziwotche. Ndinakachotsa. Ndinaikapo kena. Palibe wina anadziwa."

"Kena kameneko kanali ka ndani?"

"Kanga."

"Inu munayezedwa Lachitatu pamodzi ndi dalaivala wanu. Aka ndi ka Lolemba."

"Ndiye kanali ka wina. Sindikukumbuka."

"Tulutsani mafayilo onse."

Anali 24. Sajenti anatsegula imodziimodzi, osafulumira, mkuluyo ali chiimire. Fomu iliyonse inali ndi kapepala kake, pamwamba pali dzina, zaka, ndi poonetsa ngati munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Panalibe fayilo yosowa kanthu.

"Mukanatenga ka wina, fayilo ya winayo ikanakhala yopanda. Onse ali nato tawo."

Apa m'pamene mkuluyo anakhala pansi, ndipo mawu a lipoti aja anamuchoka.

"Ndinkadziwa kuti akudwala. Mlandu wanga ndi umenewo ngati mukufuna mlandu. M'mawa ndinkawamva akutsokomola kubafa, atatsegula mpopi kuti tisamve. Miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikuwaika pa pampu, panja, kutali ndi utsi. Lachiwiri ndinangocheukira kumbali kuyankha wailesi, pobwerera maso iwo alowa kale. Sindinawafunsepo za chifuwacho, chifukwa ndikanafunsa akanandiyankha zoona. Anandiphunzitsa kugwira paipi ndi iwowo, ine ndili kamnyamata konjenjemera. Munthu wakuphunzitsa ntchito umamuuza bwanji kuti pitani kunyumba?"

"Zimenezi ndilemba, chifukwa ndi zoona," anatero Sajenti. "Zoyamba zija ayi. Mukuteteza ndani?"

Mkuluyo asanatsegule pakamwa, belu linalira. Anadzambatuka ngati walumidwa. Pawindo Sajenti anaona amuna ndi akazi akutulukira mbali zonse, wina akutafunabe, kupondamo m'jombo, kukoka mabuluku, kukwera galimoto injini ikulira kale. Mabuleki anatulutsa mutu pawindo la kutsogolo.

"Mundimange ndikabwerako, mayi."

Mphindi imodzi isanathe, pamalo paja panatsala utsi wa dizilo ndi madontho a oyilo.

Sajenti anatsala yekha ndi mafayilo. Amuna awiri akuluakulu anali atadziponya pamaso pake ngati anthu otchingira mwana ku galimoto. Sikuti ankatchingira a Kadziwotche, popeza chithunzi cha dokotala chinali chitawathera kale ntchito. Ankatchingira munthu amene akadali ndi choti ataye. Anawerenganso. Anthu 24, timapepala 24, koma kenikeni ka mdala uja kulibe. Ndiye kuti makina anatulutsa 25.

Wina anauzira kawiri.

* * *

Namwino wa kachipatala kumene amayezera antchito anali mayi wonenepa, wothamanga, wokonda kuyankhula uku manja akugwira zina.

"Anthu a moto aja? Ndingawaiwale bwanji, phokoso lawo ngati ana otuluka m'kalasi. Khalani apo, musakhale pa sikelo. A Kadziwotche anabwera okha, palibe anawaimira. Ndimawadziwa ine, zaka zonsezi amandiitana kuti mlamu ngakhale palibe chibale. Tsiku limenelo anauzira mpaka nkhope kuda, misempha ya m'khosi njoo. Ndinawauza kuti bambo, izi sizili bwino, adokotala akaziona akuitanani. Iwo anangoti zikomo mlamu, n'kutuluka."

"Kapepalako mumapanira ndinu pa fomu?"

"Ine ndili ndi manja angati? Aliyense amatenga kake, amakadikira pa benchi panjapo, ndiye kalaliki wa kumapeto kwa khonde amapanira. Uja sayang'ana n'komwe, amangoti khwa, wotsatira. Ndinamuuzapo kuti tsiku lina adzapanira risiti ya mkate."

"Alipo amene munamutulutsira timapepala tiwiri Lolemba limenelo?"

Namwinoyo anaima, botolo la mankhwala lili m'manja.

"Mmodzi. Anabwerera akuti kake kagwera m'beseni posamba m'manja. Ndinamukalipira, mapepala a makinawa savuta pang'ono kupeza. Koma anauziranso bwinobwino ngati poyamba. Kamtsikana kochepa thupi, koma chifuwa ngati mvukuto."

Pa mafayilo amene anatenga ku siteshoni, Sajenti anatsegula ya Mphaka. Kapepala kake kanali kosalala, kopanda banga la madzi. Lolemba, 10:09. Anakaika pambali pa kong'ambidwa kaja. Mizere ya pa timapepala tiwirito inkakwera ndi kutsika mofanana, ngati mapasa.

"Ndamva kuti ndi yemweyo wapsa manja," anatero namwino, mawu atatsika. "Mwafunsiranji, mayi?"

Sajenti anatseka fayilo n'kunyamuka.

* * *

M'mawa mwake anamupeza Mphaka atatsamira mapilo, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono ndipo atawakweza pamwamba. Pambali pa bedi panali Mabuleki, wovala zakunyumba, akumumwetsa tiyi ndi supuni, akuyamba wauzira kaye. Pakhoma anali atamatapo pepala la mizere, lolembedwa ndi dzanja la mkulu wa shifiti: wina wodzamudyetsa m'mawa, wina masana, wina madzulo, mpaka mwezi wathunthu.

Mabuleki anaimirira n'kutsekereza bedi ndi thupi lake lowondalo.

"Sanadzuke bwinobwino, mayi. Mankhwala akumuyankhulitsa zosadziwika. Dzulo amati ine ndine wokongola."

"Achimwene, tatulukani kaye," anatero mtsikanayo. "Mu ambulansi muja ndinakuuzani kuti mudziwe, osati kuti mukaname."

Mabuleki anaika kapu pa kabati mosamala kwambiri. Kenako anatuluka.

Sajenti anakokera mpando pafupi n'kuika timapepala tiwiri tija pa bulangeti. Mphaka anangotiyang'ana kamodzi.

"Tonse ndi tanga. Lembani, mayi, ine cholembera sindingagwire."

"Yambani pamene mukufuna."

"Nditafika pa siteshoni ija, anandiika ku foni. Ankati kamunthu kotere paipi ikakakankha kadzauluka. Miyezi isanu ndikuyankha foni. Tsiku lina a Kadziwotche anabwera, anandichotsa foni kukhutu, anati tiye. Anaimika makwerero aatali aja, anati kwera, ine ndili pansi pano, ukagwa ugwera ine. Ndinakwera. Nditatsika anauza onse kuti kuyambira lero uyu azilowa ndi ine, amene ali ndi mawu anene pano. Palibe ananena. Tsiku limene ndinalandira chisoti changa, bambo anga ondibereka sanabwere, ankati ntchito imeneyi ndi yochititsa manyazi kwa mwana wamkazi. Anabwera ndi a Kadziwotche ndi akazi awo, atavala za kutchalitchi."

Anapuma pang'ono. Sajenti anamumwetsa tiyi uja, popeza panalibenso wina woti atero.

"Lolemba lija nditatuluka m'chipinda choyezera, ndinawapeza pa benchi, kapepala kali m'manja. Sindinawaonepo ali ochepa choncho. Anati, ndatha mwana wanga. Chatsala chaka chimodzi kuti ndikwanitse zaka makumi atatu pa ntchito, ndimafuna nditulukire khomo la kutsogolo anzanga atandandalika, osati kuchotsedwa ndi kalata ya dokotala. Sanandipemphe kanthu, mulembe zimenezo. Ndinabwerera kwa namwino, ndinanama za beseni, ndinauziranso. Ndinapinda pamwamba, ndinang'amba dzina langa, ndinawapatsa. Kawo ndinakatafuna."

"Munaganiza kuti zitha bwanji?"

"Ndinkati poti wolowa nawo ndine, ndiziwayang'anira. Zolemera ndizinyamula ine. Chaka si kanthu." Anayang'ana mabandeji aja. "Manjawa musawamvere chisoni kwambiri. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti m'nyumba muja mukanakhaladi munthu, sindikanamufikira. Ndinali kalikiliki ndi munthu amene ndinamulowetsamo ndekha."

Sajenti analemba mawu amenewo monga anawanenera.

"Mundimanga?"

"Muli pamenepa mungathawire kuti? Ine ndipereka zimene ndapeza, oweruza ndi ena. Koma lipotilo lidzanena zonse, za kapepala ndi za amene anavula magolovesi m'moto. Sindichotsapo chimodzi."

"A Mabuleki ndi abwana musawalembe kuti ananama. Ali ndi ana."

"Ndinalemba kuti anandichedwetsa theka la tsiku. Pa zimenezo palibe amamangidwa."

Mtsikanayo anamwetulira pang'ono, kenako anafunsa chimene chinkamuvutitsa maganizo.

"Ndidzabwereranso pa ntchito?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Ndikanadziwa ndikanakuuzani."

Chitseko chinatseguka. Namwino wa mu wodi anasuzumira.

"Bambo a chipinda chachitatu aja atsegula maso. Akuti amva kuti kwabwera apolisi, akufuna awaone pompano."

* * *

A Kadziwotche anali atadzaza bedi lonse, koma chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika mofulumira ngati cha mbalame. Akazi awo anali pampando, atagwira phazi lawo pamwamba pa bulangeti. Bambowo anakweza dzanja n'kusuntha chopumira chimene chinawaphimba mphuno ndi pakamwa. Mawu ankatuluka awiriawiri, atatuatatu.

"Kapepala kaja. Ndinalandira ine. Ndi maso anga. Wamkulu pa benchi paja ndinali ine. Ndikanakana."

Anabwezera chopumira, anakoka mpweya kangapo, n'kuchisunthanso.

"Mwana uja. Aliyense akungoti ali bwino. Mkazi wangayu, madokotala, onse. Koma sanabwere kudzandiona. Inu ndinu apolisi. Ali bwanji?"

Mayi aja anamuyang'ana Sajenti ndi maso opempha, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Sajenti anawamvetsa. Koma kwa masiku awiri anali atayenda pakati pa anthu abwino amene ankanamizana chifukwa chokondana, ndipo anali ataona kumene zinawafikitsa.

"Ali moyo, akuyankhula, akudya. Koma manja ake apsa, bambo. Onse awiri. Anavula magolovesi kuti akumasuleni lamba."

Bambowo anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo akazi awo anaipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo. Sajenti anayamba kutseka kabuku kake, poganiza kuti abwerenso tsiku lina.

Dzanja lalikulu linamugwira pamkono.

"Lembani," anatero a Kadziwotche. "Muyambe ndi dzina langa."

Tsamba limodzi linawatengera ola lathunthu. Sajenti sanawafulumizitse.